Wagula Malo, Koma Nyama N'za Wina

Munthu wina ku England asunga ndalama zaka zambiri, ndipo potsiriza agula malo: nyumba, minda, dambo la msipu ndi kankhalango kumbuyo kwake. Alipira mtengo wonse, dzina lake lilembedwa m'buku la boma, nasamukira pamalopo ndi banja lake. M'mawa wina m'mwezi wa November amva mfuti zili kulira kuseri kwa nyumba. Potuluka aona anthu achilendo ali kuyenda m'munda mwake, ena atanyamula mfuti, ena ali ndi agalu, enanso ali kumenya tchire ndi ndodo kuti mbalame zivumbuluke. Iye awafunsa kuti, "Kodi mwalowa ndi chilolezo cha yani?" Mkulu wawo ayankha mwaulemu kuti, "Pepani bambo, malo ndi anu ndithu, koma uzimba wa pano si wanu. Kaoneni m'kalata imene munasaina."

Munthu uja akatsegula kalatayo apezadi mawu awiri atatu amene anawadumpha powerenga, onena kuti wogulitsa watsala nawo ufulu wa kusaka, kuombera mbalame ndi kuwedza nsomba pamalo onsewo.

Zotere zimachitika ku dziko limenelo, ndipo milandu yake yafika kawirikawiri pamaso pa oweruza. Pali funso limene liyenera kulingaliridwa bwino: kodi munthu angagulitse nthaka nkutsala nazo zoyenda pa nthakayo? Ngati angatero, kodi chimene watsala nachocho chimlola kuchita zotani pakhomo pa mnzake?

Chimene lamulo linena

Ku England nyama ya m'tchire ikali yamoyo ilibe mwini. Kalulu wothamanga m'munda si wa munthu aliyense, nkhwali youluka si ya munthu aliyense. Chimene munthu angakhale nacho ndicho ufulu wa kuisaka ndi kuitenga pamalo akutiakuti. Mwachikhalire ufulu umenewu ndi wa mwini nthaka. Koma lamulo lilola kuti upatulidwe ku nthakayo, monga mwana wa ng'ombe apatulidwa kwa make. Mwini angathe kuubwereketsa kwa zaka zingapo, angathe kuugulitsa pawokha, ndiponso angathe kugulitsa nthaka nkusunga ufuluwo.

Ufulu wosungidwa chotero sufa pamene wogulitsa uja amwalira. Ana ake aulandira monga chuma chamasiye, kapena augulitsa kwa mlendo amene sanaonanepo ndi mwini nthaka. Nayenso mwini nthaka akagulitsa malo ake, wogula watsopano asenza mtolo womwewo. Ndipo m'chaka cha 1840 oweruza anagamula kuti mwini ufulu wotere sakakamizidwa kusaka ndi manja ake. Angathe kutuma antchito ake. Ku Scotland kuli nsomba ya mtengo wapatali yotchedwa salmon. Kumeneko ufulu wa kuiwedza ndi chuma chapachokha kuyambira kale, kotero kuti munthu angakhale mwini magombe onse awiri a mtsinje koma osaloledwa kuwedza nsomba imeneyo.

Wowerenga wokulira kumudzi sadzadabwa kwambiri. M'midzi yambiri munthu akasiyira mnzake munda, mitengo ya mango imene anadzala ikhalabe yake, ndipo mango akapsa abwera kudzathyola. Koma mtengo wa mango uima pamalo amodzi, suchuluka wokha usiku, sudya mbewu za mwini munda, ndiponso wothyola sabwera ndi mfuti. Nyama ndi mbalame zichita zonsezi. Apa ndi pamene pagona vuto.

Kumene mwambowu unachokera

Kwa zaka mazana ambiri uzimba ku England unali chizindikiro cha ufumu ndi ubwana. Mfumu William, imene inagonjetsa dzikolo m'chaka cha 1066, inapatula nkhalango zazikulu kuti zikhale za uzimba wake, ndipo ina mwa izo, New Forest, idakalipo lero. M'chaka cha 1671 Nyumba ya Malamulo inalamula kuti kupha nkhwali kapena kalulu kukhale kwa eni malo obala mapaundi 100 pa chaka ndi anthu ena apamwamba owerengeka. Mlimi wamba sanaloledwe kupha kalulu ngakhale m'munda wolima iye mwini. Lamulo la 1723 linaposa apo: munthu wogwidwa m'nkhalango ali ndi zida, atadzidetsa nkhope kuti asadziwike, anayenera imfa.

Lamulo la 1671 lija linachotsedwa m'chaka cha 1831, koma mlimi sanapume. Alimi ambiri anali a lendi, ndipo eni malo pobwereketsa minda anali kulemba kuti nyama zonse ndi zawo. Mlimi anali kulima, kufesa tirigu ndi kulipira lendi, kenaka nkumaonerera akalulu a bwana ali kudya tiriguyo, iye manja ali m'khosi. Akatchera msampha, anali wakuba.

Chomwecho m'chaka cha 1880, m'nthawi ya boma la Gladstone, panaikidwa lamulo lakuti munthu aliyense wokhala pamalo ndi kuwalima ali ndi mphamvu ya kupha akalulu pamalopo, angakhale ufulu wa uzimba uli wa wina. Chachikulu m'lamulo limenelo ndi ichi: mphamvuyi siingagulitsidwe kapena kutayidwa mwa pangano. Angakhale mlimi asaine kalata yonena kuti sadzakhudza kalulu, mawu amenewo alibe mphamvu pabwalo. Opanga malamulo anaona kuti munthu wosowa munda asaina chilichonse chimene am'patsa, ndi kuti chisangalatso cha munthu mmodzi sichiyenera kulemera koposa chakudya cha mnzake. Koma lamuloli linanena za akalulu okha. Za mbalame linakhala chete.

Mangawa a wogula

Nkwapafupi kumvera chisoni wogula ndi kumtcha wogulitsa munthu waumbombo. Koma mlandu sugamulidwa wina asanalankhule.

Wogulitsa angakhale nkhalamba imene ngongole zaikakamiza kusiya minda ya makolo ake, koma mtima wake uli pa mtsinje umene yawedzamo kuyambira ubwana. Angakhalenso mwini dziko lalikulu amene agulitsa zigawo zake kwa alimi osiyanasiyana. Uzimba ufuna malo otakata, pakuti mbalame sizidziwa malire; aliyense wa alimiwo akamasaka payekha, nyama zitha msanga, ndipo alonda a nyama ataya ntchito. Tsono wogulitsa anena poyera kuti, "Nthaka tengani, uzimba ndisunga." Kawirikawiri malo otere atsika mtengo chifukwa cha mawu omwewo. Wogula amene analandira mtengo wotsikawo, nasaina maso ali poyera, sangadzuke m'mawa nkutseka chipata chifukwa phokoso la mfuti lamsautsa. Wakwatira kwa mphezi saopa kung'anima. Akatseka chipata ndiye kuti watenga chinthu chimene sanalipire, ndipo kumeneko ndi kuba, angakhale kuchitikire pakhomo pake pomwe.

Oweruza agwira mfundo imeneyi molimba. M'chaka cha 1998 bwalo la apilo linamva mlandu wa anthu amene anagula famu yokhala ndi mawu otere m'kalata yake, ndipo linati iwo sangaletse mwini uzimba kulowa ndi kuchita zimene kalata imlola, malinga achite moyenera.

Mwini nthaka saloledwanso kupha ufulu wa mnzake mwa njira yokhota. Angalime, angasinthe mbewu, angadule mitengo monga alimi onse achita, angakhale zimenezi zichepetse mbalame. Koma kusandutsa malowo kukhala chinthu china nkosiyana. M'mabuku a milandu a 1931 muli mlandu wa Peech ndi Best. Mwini famu ya maekala pafupifupi 700 anapereka ufulu wa kuombera mbalame kwa zaka 14, kenaka anagulitsa maekala 12 kuti pamangidwe makola a akavalo a mjaha. Oweruza anati walakwa ndipo alipire. Maekala 12 ndi ochepa pa 700, koma kutero kuli ngati kulonjeza munthu madzi a pachitsime kenaka nkuyamba kuthiramo dothi pang'onopang'ono.

Malire a chimene chinasungidwa

Tsono wogula ali ndi mangawa. Koma wogulitsa anasunga chiyani kwenikweni? Anasunga ufulu wa kutenga nyama. Sanasunge ufumu wa pamalopo. Zinthu ziwirizi zifanana poyamba, koma zisiyana monga mlendo asiyana ndi mwini nyumba. Anthu ambiri osunga uzimba aiwala kusiyana kumeneku, makamaka iwo amene makolo awo anali mabwana a dziko lomwelo. Ayenda m'munda umene anagulitsa monga ngati akali eni ake, ndipo wogula amuona ngati mlonda wosungira mbalame zawo. Munthu wotere wagulitsa mbuzi, ndalama walandira, koma chingwe sanachitaye m'manja.

Malire ena aikidwa ndi boma, ndipo kalata ya pangano siingawadumphe. Pali mbalame ina yonga nkhanga, ya mchira wautali, yotchedwa pheasant, imene Angerezi aikonda koposa pa uzimba wa mfuti. Lamulo lilola kuiombera kuyambira pa 1 October kufikira pa 1 February basi, ndipo ku England ndi ku Wales siiomberedwa pa tsiku la Sabata kapena pa Khirisimasi. Ndiponso lamulo la 2004, limene linayamba kugwira ntchito mu February 2005, linaletsa kusaka nkhandwe ndi nyama zina ndi gulu la agalu m'maiko awiriwa. Munthu angakhale ndi kalata yakale yomlola uzimba wa agalu pamalo a mnzake, koma kalata siiposa lamulo la dziko.

Malire ena aikidwa ndi oweruza. M'chaka cha 1885 panali mlandu wa Farrer ndi Nelson. Mwini uzimba anabwera ndi mbalame zambirimbiri zoleredwa kwina, naziika m'nkhalango pafupi ndi munda wa mlimi wa lendi, ndipo zinadya mbewu zake. Pabwalo mwini uzimba anati iye ali ndi ufulu wa mbalame. Oweruza anayankha kuti ufulu wa kuombera mbalame zopezeka pamalo si ufulu wa kuzichulukitsa kopitirira muyeso, ndipo wochita zimenezi alipire zimene zaonongeka.

Chigamulo chimenechi chinali chanzeru, ndipo nzeru yake ifunika lero koposa kale, chifukwa uzimba wasintha. Kale munthu anali kuyenda m'tchire ndi galu wake, nabwerera ndi mbalame zowerengeka. Pamene mfuti zofulumira kuika zipolopolo zinafala m'zaka za m'ma 1800, kunabuka uzimba wina: alenje aima pamzere, ndipo anthu aganyu apirikitsa mbalame kuti ziuluke pamwamba pawo. Uzimba wotere ufuna mbalame zochuluka koposa zimene tchire libala lokha. Chifukwa chake mbalamezo ziswedwa ndi kuleredwa m'makola monga nkhuku, nizimasulidwa nyengo ikayandikira. Akatswiri anawerengera kuti m'chaka cha 2016 mbalame za pheasant zomasulidwa chotero ku Britain zinali pafupifupi 47 miliyoni. Alenjenso ambiri si abale kapena abwenzi a mwini uzimba iyayi; ndi alendo olipira ndalama zambiri pa tsiku limodzi.

Apa pali chinthu choyenera kuchiganizira mofatsa. Mawu a m'kalata angakhale omwewo amene analembedwa zaka 60 zapitazo: kusaka, kuombera, kulera mbalame. Koma chimene mawuwo anyamula chakula. Wogula woyamba povomera anali kuona m'maganizo mwake nkhalamba imodzi ndi galu, masiku atatu kapena anayi pa chaka. Mdzukulu wake aona magalimoto, alendo, ndi mbalame zodzaza m'munda. Mwini uzimba watsopano anena kuti, "Palibe liwu limene ndaswa." Mwina anenadi zoona. Oweruza ayang'ana mawu a m'kalata ndi kufunsa ngati munthu wachita moyenera, ndipo mwina angamlole. Koma pangano si mawu okha. Pangano ndi chimene anthu awiri anamvana. Munthu akapempha kuti azidutsa pabwalo pa mnzake popita kudambo, mnzakeyo nkuvomera, sikuti wavomera kuti ng'ombe 100 zizidutsa pomwepo m'mawa ndi madzulo. Wodutsa ndi ng'ombezo angapambane mlandu chifukwa cha liwu lakuti "kudutsa," koma mumtima mwake adziwa kuti watenga choposa chimene anapatsidwa. Chimene munthu wachilungamo achita ufulu wake ukakula chotero ndicho kubwerera kwa mwini nthaka, kukhala naye pansi, ndi kupangana kachiwiri, angakhale lamulo lisamkakamize. Ngati uzimba wasanduka malonda, nkoyenera kuti iye amene mbewu zake zidyetsa mbalamezo aoneko kanthu.

Ufulu wobisika

Zonsezi zanenedwa za pangano lodziwika. Koma kulinso ufulu wina umene wogula sanauzidwe konse. Ku England kunatsala maufulu akalekale a mabwana a midzi, ochokera m'nthawi imene alimi anali pansi pa bwana wa dziko lawo: ufulu wa miyala ya pansi pa nthaka, ndi ufulu wa kusaka ndi kuwedza. Maufulu amenewa anali kumanga wogula angakhale sanalembedwe m'buku la boma. Lamulo la 2002 linati mwini ufulu wotere aulembetse pasanafike pa 13 October 2013; akapanda kutero, angautaye pamene malowo adzagulitsidwanso. Pamenepo eni ake anathamangira kulembetsa, ndipo m'chaka chotsiriza zopempha zinafika pafupifupi 90,000. Anthu a ku Anglesey ndi ku Welwyn Garden City, okhala m'nyumba zimene anagula ndi thukuta lawo, analandira makalata owauza kuti munthu wina ali ndi ufulu pa nthaka yawo. Ambiri anachita mantha ndi mkwiyo.

Sikuti panali mlenje amene anafuna kudzaombera nkhwali pakati pa nyumba za m'tauni. Koma mkwiyo wawo unali ndi chifukwa. Chimene chilungamitsa ufulu wosungidwa ndicho chakuti wogula anaudziwa, nauvomera, nalipira mtengo wolingana nawo. Pamene panalibe kudziwa panalibenso kuvomera. Nkhanga zinapangana kusanapse. Kubwera ndi pangano moto utadutsa kale ndiko kudabwitsa anthu chabe. Lamulo la 2002 linachita bwino kukokera zobisikazo poyera, angakhale kukokako kunawawa. Ndipo wogulitsa amene adziwa kuti uzimba wa pamalo ake ndi wa wina, koma akhala chete poyembekeza kuti wogula sadzawerenga bwino, ameneyo wanyenga mnzake ngakhale sananene bodza ndi pakamwa.

Wogulanso asamaulese. Kalata ya malo iwerengedwa yonse, mzere ndi mzere, ndipo pamene mawu avuta afunse loya asanasaine. Afunse kuti mwini uzimba ndani, abwera masiku angati, afika pafupi bwanji ndi nyumba, ndipo mbewu zikaonongeka alipira ndani. Mafunso amenewa ndi otsika mtengo tsiku la kugula lisanafike. Pambuyo pake ayankhidwa pabwalo la milandu, kumene mtengo wake ndi wina.

Pafupi ndi nyumba

M'chaka cha 2017 bwalo lalikulu linaweruza mlandu wochokera ku Yorkshire. Munthu anagula nyumba yaikulu ndi malo ozungulira, koma uzimba wa pamalopo unali wa wina. Wogula anapempha kuti mfuti zisalire konse pafupi ndi nyumba yake. Mwini uzimba anati kalata imlola malo onse, ndipo palibe mzere umene unapatula nyumbayo.

Woweruza sanapatse aliyense zonse zimene anafuna. Sanafafanize ufulu wa uzimba, pakuti wogula anaudziwa pogula. Koma anati ufulu wotere ugwiritsidwe ntchito mwaulemu, osasautsa mwini nthaka kopanda chifukwa. Mwini uzimba asamange makola a mbalame pamalo a mnzake. Alenje asalozetse mfuti kunyumba. Ndipo akafuna kuombera pafupi ndi nyumbayo, ayambe adziwitsa mwini wake.

Chotsirizachi ndi chinthu chimene mwana aliyense aphunzitsidwa akali wamng'ono, kuti pofika pakhomo pa mwini munthu aima nanena "odi." Anthu awiri olemera anataya ndalama zambiri kwa maloya kuti woweruza awauze zimenezi.

Munthu uja wa m'mawa wa November akapita kwa loya wake adzamva zofanana ndi izi. Alenje sangawathamangitse. Akalulu odya mbewu zake angawaphe, chifukwa lamulo la 1880 likali ndi mphamvu. Mbalame zikachulukitsidwa kopitirira muyeso nizimuonongera munda, angapemphe malipiro. Angalime monga afuna, koma akaganiza zogwetsa kankhalango kaja kuti amangepo nyumba zambiri, ayenera kuyamba walankhula ndi mwini uzimba, kapena kugula ufuluwo ngati mwini wake avomera kuugulitsa. Pa 2 February mfuti zidzaleka kulira, ndipo pa 1 October nyengo idzatsegulidwanso.